Zipolopolo Zisanu za Orval Teague

Orval Teague sanakhalepo kauboyi ngakhale tsiku limodzi. Hatchi ankaiopa ngati njoka, ndipo ng'ombe ankaidziwira m'mbale basi. Moyo wake wonse anali wokonza mipope yamphepo yotunga madzi m'mafamu a ng'ombe kumadzulo kwa Texas kuno, kukwera pamwamba dzuwa likuswa mtengo, manja ali girisi yekhayekha. Koma mukanamuona Loweruka loyamba la mwezi, abale inu! Chipewa chachikulu chakhonde, nsapato zazidendene, jekete lakuda lofika m'mawondo, mfuti ziwiri m'chiuno. Kubwalo lowombera mfuti kuseri kwa tawuni ya Sandlin kunalibe womutchula Orval. Kumeneko aliyense amakhala ndi dzina lamasewera, ndipo lake linali Mlaliki Mphezi.

Masewerawo ndi a anthu a imvi zawo ndithu, ena a zidzukulu. Amavala ngati makolo awo akale, n'kumawombera mbale zachitsulo zoimikidwa chapafupi, wina ataima kumbuyo ndi kamakina koyesa nthawi. Wachangu ndiye mwamuna. Ukaphonya mbale akuwonjezera nthawi, anzako n'kukuseka mpaka pa nkhomaliro. Orval anawayamba mwana wake wamkazi Twila ali kusukulu, ndipo Twila anakula, kukwatiwa, kukhala namwino ku Lubbock, bambo akusewerabe.

Mkazi wake, Nelda, analibe nazo ntchito zimenezo. Iye chake chinali dimba: therere, tomato, mavwende, ndi mizere ya mbatata kumapeto kufupi ndi tchire laminga. Nyumba yawo inali kutali ndi tawuni, kumathero kwa msewu wafumbi, ndipo nyumba yoyandikana nayo munkangoiona denga. Nelda atagwa pakhonde n'kuvulala chiuno, Twila anayamba kuvuta. Nguluwe zinali zitaswana m'dera lonse, zikufukula minda ya anthu, ndiponso kunkamveka za akuba olowa m'nyumba za okalamba masanasana.

"Adadi, amayi ndikuwatenga," anatero Twila tsiku lina ali patebulo, nyemba ndi buledi wachimanga zikuzizira. "Ndili ndi chipinda chongokhala. Kuno akakuwa awamva ndani? Nkhandwe?"

"Mayi akowa ali ndi mlonda," anayankha Orval. "Zaka zonsezi ndikuwomba mfuti, iwe umayesa ndimawombera chiyani?"

"Mumawombera mbale, adadi, mutavala ngati mukupita kumaliro."

"Ona mwana wopanda ulemuyu! Ndikukuuza kuti bola ndili moyo, palibe chinthu cha miyendo iwiri kapena inayi chidzakhudze mayi ako pano."

Nelda anapukuta manja pang'onopang'ono. "Twila, idya. Ine ndikhala pomwe pali bambo akowa. Ati andilondera, ndiye andilondera."

Nkhani inathera pomwepo, koma Twila sanaiiwale, ndipo Orval ankadziwa kuti sanaiiwale. Kunena zoona mkuluyu ankaopa. Nguluwe sankaziopa, akuba sankawaopa; ankaopa nyumba ija yopanda Nelda. Anakwatirana ali ana, ndipo iye sankadziwa ngakhale pamene pamakhala mchere. Nelda anatsala pafamupo chifukwa cha mawu ake okha, ndipo mawuwo anali atapachikidwa pamsomali pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, m'chikwama chachikopa.

Mfuti zake zinali za fote-faifi, zipolopolo zonenepa ngati chala chachikulu, zomwe ankati ndizo ankanyamula amuna enieni. Ikalira imeneyo, mawindo a galimoto ankanjenjemera, mbale n'kulira ngati belu la tchalitchi, mfuti n'kudumphira m'mwamba. Kudumphako ndiko kunali tsoka lake. Pamene iye ankaitsitsa kuti alunjikenso, anzake anali atamaliza kale mbale zonse akupukuta thukuta. Orval anali wolunjika, zimenezo palibe ankatsutsa, koma pa mndandanda wa opambana ankapezeka kumchira mwezi ndi mwezi. Akafika kunyumba ankatsuka mfuti zonse, imodzi n'kuiika zipolopolo zamphamvu zogula kusitolo, n'kuipachika pamsomali paja. Mwambo umenewu sanauphonyepo.

Womuseka wamkulu anali mnzake Buford Scoggins, wometa tsitsi wopuma pantchito, kamunthu kakafupi ka mimba kutsogolo. Buford ankawombera sate-eyiti, mfuti ya zipolopolo zowonda, ndipo ankazipanga yekha kunyumba monga achitira ambiri, kuthira onga wongokwana pansonga ya supuni. Mfuti yake sinkadumpha n'komwe. Inkangoti phu, phu, phu, mbale n'kumangoti tii, koma woyesa nthawi safunsa kuti mbale yalira mokweza bwanji.

"Iwe Buford, mfuti yakoyo ikulira kapena mbewa yaphwisa?" ankafuula Orval.

"Mbewa yomweyi yakudyerani mphoto zingati, a Mlaliki? Inu pitirizani kugwedeza dziko, ife tizitola malamba a opambana."

"Chipolopolo chakocho munthu angachigwire ndi chipewa."

"Ayi, bwerani ndi chipewa chanucho tiyese. Chachikulu bwino, simungaphonye."

Zaka zinapita akunyozana choncho, akudyera limodzi nyama yowotcha pansi pa denga lamalata la kubwaloko. Orval ankanyadira kugonja kwake. Ankati bola kugonja ndi mfuti yeniyeni kusiyana n'kupambana ndi choseweretsa ana. Ankanena mokweza kwambiri, ndipo ife omudziwa tinkaona kuti zikumuwawa. Munthu ameneyu sanapambanepo kanthu chibadwire, kusukulu ayi, kuntchito ayi, ngakhale keke ya pamwambo wa tchalitchi.

Ndiye kunabwera nyamakazi. Inayambira m'chala chachikulu chokokera kanyundo ka mfuti, n'kulowa m'mfundo za manja onse. Fote-faifi ikamumenya Loweruka, Lamulungu ankagwira kapu ya khofi ndi manja awiri ngati mwana. Chaka chomwecho analowa m'gulu la okalamba kwambiri, mmene opikisana ndi ochepa, ndipo mpikisano waukulu wa chigawo chonse unali kubwera mu Okutobala, mphoto yake chomangira lamba chasiliva chachikulu ngati sosala. Buford anamukokera pambali.

"Aise, ndikuuze chilungamo. Ukanakhala ndi mfuti yanga, palibe mdala angakugwire. Diso uli nalo. Chokupha iwe ndi matama. Manja akowa atsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, ukufuna ukalowe m'manda ukadali kumchira?"

Mawu amenewo anamulowa mpaka m'mafupa. Sabata yomweyo anatenga fote-faifi zake zonse ziwiri, kuphatikizapo ya pamsomali ija, n'kukazisinthitsa kusitolo ya mfuti ndi sate-eyiti ziwiri. Mwini sitolo anamukankhira bokosi patebulo. Anati sate-eyiti si yachabe ayi, ikakhala ndi zipolopolo zamphamvu imagwira ntchito yolondera nyumba bwinobwino, atenge bokosi limodzi la kunyumba.

Orval analiyang'ana bokosilo, n'kulikankhira komwe linachokera. Chifukwa chake munthu wosasewera masewerawa sangachimve, koma ife timachimva. Kubwalo zipolopolo zamphamvu n'zoletsedwa, chifukwa zimaboola mbale ndipo zidutswa za mtovu zimabwerera kwa anthu. Chaka china mkulu wina wochokera ku Abilene anasakaniza mwangozi chimodzi chokha m'thumba lake. Chitalira, oweruza anamuimitsa pamaso pa anthu onse, anamulongedzetsa katundu, ndipo mpaka lero akamutchula amayambira pamenepo. Zipolopolo za sate-eyiti, champhamvu ndi chofooka, kunja zimaoneka ngati mapasa. Kale vutoli Orval analibe, chifukwa za kubwalo ndi za kunyumba ankazidziwa ndi maso otseka. Tsopano maso anali atafooka, mfuti zinali zachilendo, ndipo mtima wonse unali pa siliva uja.

"Zikasakanikirana?" anatero. "Ayi, m'nyumba mwanga musalowe zimenezo. Ndidzagula mpikisano ukatha."

Choncho pamsomali panapachikidwa sate-eyiti yokhala ndi zipolopolo zamasewera. Nelda anamva kusintha kwake madzulo oyamba omwe, mwamuna wake akuyeserera kuseri kwa shedi.

"Orval, mfuti yanu yadwala? Ikulira ngati mukutsegula botolo."

"Ndi yatsopano. Yopepuka, yabwino m'manja."

"Ndiye ya pakhomoyo?"

"Mfuti ndi mfuti, Nelda. Chachikulu n'kulunjika. Wowomberedwa safunsa kuti munathira onga wochuluka bwanji."

Nelda anamuyang'ana kanthawi, n'kubwerera kukadula tomato. Twila ataimba foni Lamulungu, mayiyo anamuuza kuti zonse zili bwino, bambo ake akusangalala kuposa kale.

Ndipo ankasangalaladi, kalanga ine! Mwezi woyamba anatuluka wachitatu. Anabwerera kushedi, n'kuchepetsa onga wa m'zipolopolo zake. Mwezi wachiwiri anatuluka woyamba, n'kuchepetsanso, mpaka dzuwa likawala bwino chipolopolo munkachiona ndi maso chikuuluka. Munthu yemwe ankanyoza mbewa za Buford tsopano anali ndi mbewa zoposa za Buford. Ankafika kunyumba akuimba, ankafotokozera Nelda mbale iliyonse mmene inalirira, ndipo Nelda ankangoti eya, eya, akusenda mbatata. Anali asanamuonepo mwamuna wake akuyenda chifuwa chili patsogolo chotero, ndipo sanafune kumudula.

Pali mwambo wina umene manja a anthu a masewerawa amachita okha. Mfuti zachikalezi zili ndi gudumu la mabowo asanu ndi limodzi, koma amaikamo zipolopolo zisanu basi, kanyundo n'kugona pa bowo lopanda kanthu, kuti mfuti ikagwa pansi isalire yokha. Kuika chimodzi, kudumpha bowo, kuika zinayi. Ndi mwambo wanzeru, ndipo Orval ankautsata kubwalo ndi kunyumba komwe.

Zinachitika m'mawa wina kumapeto kwa Seputembala, dzuwa litatuluka kale, kunja kukuwala bwinobwino. Nelda anali kudimba ndi dengu lake akuthyola therere kusanatenthe. Orval anali pakhonde ndi khofi, akupinda ndi kutambasula zala kuti zifewe. Anamva dengu likugwa, kenako dzina lake, osati mofuula, koma mwa mawu ena amene anali asanawamvepo.

"Orval. Orval, bwerani."

M'mizere ya mbatata munali chinguluwe champhongo, chakuda, msana wofika m'chiuno mwa munthu, chitadzaza dothi kumphuno. Chinali chitalowa pansi pa waya wotchinga dimba, ndipo Nelda mosadziwa anaima pakati pa icho ndi pomwe chinalowera. Chinkatafuna mano, thovu likugwa. Nelda ndi chiuno chake chija kuthamanga sakanatha. Anangobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, atagwira mpeni wa therere.

Tisamunamizire Orval, sanachedwe. Mfuti anaichotsa pamsomali, masitepe anawatsika ngati mnyamata, ndipo pamene chinguluwe chinkaweramitsa mutu n'kuyamba kuthamanga iye anali ataima kale pachipata cha dimba, miyendo atatangadza monga amaimira kubwalo. Anawomba. Phu, phu, phu. Fumbi linafuka pamutu pa chilombocho, pakati pa maso ndi khutu, katatu konse. Chinangopukusa mutu ngati chalumidwa ndi mavu. Phu, phu, ziwiri paphewa. Anakokanso kanyundo, n'kukhethemula, ndipo mfuti inangoti kete pa bowo lopanda kanthu.

Chinguluwe chinamugunda Nelda m'miyendo n'kumugwetsa m'therere. Dzino lake linang'amba ntchafu kuyambira pabondo kukwera m'mwamba. Orval anataya mfuti, anatola fosholo yomwe inali pa waya, n'kuyamba kuchimenya pamsana akutukwana, akulira, mpaka mpini unathyoka. Chilombocho chinasiya pamene chinafunira chokha. Chinatembenuka, kumuyang'ana mdalayo, n'kudutsa pansi pa waya chikuthamanga bwinobwino ngati sichinakhudzidwe.

Orval anamanga mwendo wa Nelda ndi lamba wake, zala zokana kupinda zija zikuterera m'magazi. Anamunyamula Nelda mpaka m'galimoto, iye mwini sadziwa kuti mphamvuzo zinachokera kuti. Njira yonse yafumbi ankangoti, "Ndinachilasa, Nelda, ndinachilasa zonse zisanu," ndipo Nelda, nkhope itayera ngati ufa, anati, "Yang'anani msewu."

Moyo anapulumuka nawo, mwendo sanaudule, koma madokotala a ku Lubbock anati mitsempha yawonongeka ndipo bala la nguluwe ndi lauve, lichedwa kupola. Twila anakumana ndi bambo ake m'khonde la chipatala atavala yunifolomu yake. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Adadi, pitani mukasambe, muli magazi okhaokha. Amayi akatuluka akhala kwa ine mpaka apole."

"Mpaka apole," anabwereza Orval, atagwiritsitsa mawuwo.

Patapita masiku angapo Buford anabwera kufamuko ndi mfuti yaitali yosakira, n'kuchipha chinguluwe chija pa dziwe lomwera ng'ombe. Pochisenda anamuitana Orval kuti adzaone. Zipolopolo zitatu zinali zitaphwatalala pafupa la mutu pansi pa khungu, moyandikana kwambiri moti chikhatho chimodzi chikanaziphimba. Ziwiri zinali m'mafuta olimba a paphewa, zosalowa n'komwe mpaka mnofu. Buford anazitola ndi nsonga ya mpeni, anazigubuduza m'dzanja, n'kuimba mluzu.

"Koma aise, kulunjika kumeneku! Chinthu chikuthamanga, iwe zonse malo amodzi? Anyamata akamva sakhulupirira."

Ankayesa akumutonthoza, munthu wa Mulungu. Ndipo anakawauzadi anyamatawo, ndipo mpaka lero kubwalo amaisimba nkhaniyi ngati ya ngwazi, kuti Mlaliki Mphezi analasa nguluwe yothamanga kasanu osaphonya. Za mwendo wa Nelda amazitchula kumapeto, ngati akumbukira. Anthu ake ndi amenewa, asa! Mpikisano waukulu uja unachitika Orval ali pampando wapulasitiki m'chipatala, ndipo siliva anatenga mkulu wina yemwe Orval anali atamugonjetsa kale kawiri.

Nyumba yopanda Nelda inali monga ankaopera, kuposanso. Ankadya nyemba za m'chitini ataimirira. Therere linakhwima pamtengo, tomato anaola, iye osayerekeza kulowa m'dimbamo kupatula tsiku limene anamanga waya watsopano wolimba, wokwiriridwa pansi, manja akutuluka magazi. Kenako anapita kusitolo kuja n'kugula fote-faifi ina ndi mabokosi a zipolopolo zamphamvu.

Chakumapeto kwa Novembala anavala malaya oyera n'kupita ku Lubbock. Nelda anali atakhala pafupi ndi windo m'chipinda cha kwa Twila, mwendo utasanjikidwa pa pilo, chitsulo chogwirira poyenda chili pambali. Anali atawonda, tsitsi atamudula lalifupi monga amachitira amayi a m'tawuni. Twila anawabweretsera khofi n'kutuluka, chitseko anachisiya chotsegula.

"Mukuoneka bwino," anatero Orval.

"Inu simukuoneka bwino. Mukudya?"

"Ndikudya. Nelda, ndamanga waya watsopano, sipangalowe ngakhale gologolo. Ndagulanso fote-faifi, ili pamsomali, zipolopolo za kusitolo. Zamasewera zija ndasiya, kubwalo sindikupitakonso."

"Mwachita bwino. Muli nokha kuja, muzidzisamala."

"Ndikunena kuti mukabwera, zonse mupeza zili m'malo."

Nelda anazunguza kapu yake m'manja. Panja ana a sukulu ankadutsa akuphokosera.

"Orval, ndikufunseni chinthu chimodzi, ndipo musandiyankhe ngati mukuyankha Twila. Tsiku lija ndinakufunsani za mfuti ya pakhomo. Munkadziwa kuti zipolopolo zake sizingaphe kanthu?"

Mayankho anali nawo ambiri, anawakonza njira yonse. Akanati nguluwe ndi yolimba mutu, ngakhale mfuti yaikulu nthawi zina imalephera. Akanati kunatsala milungu yochepa kuti agule zamphamvu. Koma mkaziyu anali atamudziwa kuyambira alibe ndevu.

"Ndinkadziwa," anatero.

"Eya. Ndimangofuna ndimve kuchokera pakamwa panu." Sanakweze mawu, ndipo misozi inalibe malo pankhope pake. "Ine ndinamunamiza mwana wanga pafoni kuti zonse zili bwino. Mtima unkandiuza, koma munkasangalala, ndiye ndinati asangalale. Nanenso ndine chitsiru, musadzitengere zonse."

"Nelda, chonde."

"Ulendo wina pobwera mudzanditengere zovala zanga za nyengo yozizira, kuno kwayamba kuzizira. Zili m'bokosi pansi pa bedi. Mutengenso madiresi anga a nyengo yotentha amene ali m'kabati, onse, ndi nsapato zake."

"A nyengo yotentha? Nanga kutentha si mpaka chaka chamawa?"

"Eya, mpaka chaka chamawa."

Khofi wa Orval anali atayamba kutayikira pa thalauzi, ndipo Nelda anatambasula dzanja n'kumulanda kapuyo, kuiika patebulo.

"Mabokosi alipo awiri pansi pa bedipo," anatero Orval pamapeto pake. "Liti?"

"Onse awiri," anayankha Nelda.